Chilonda chapola chokha, ndiye kuti wachira? Yankho langa kwa wophunzira wa ku Nkando

Pakhomo pa kalasi imene ndimaphunzitsiramo Bayoloje ndinaikapo kakatoni kakale ka choko, n'kukaboola pamwamba. Lamulo lake ndi limodzi basi: lemba funso lililonse, ponya m'menemo, dzina usalembe. Ophunzira anga ambiri amachokera m'midzi yozungulira Nkando, ndipo masiku ambiri ndikatsegula kakatoniko ndimapezamo za mayeso zokhazokha. Wina akufuna ndibwereze za impso, wina akufunsa ngati za mtima zidzabwere pa MSCE. Koma Lachisanu lina teremu yathayi ndinapezamo kapepala kong'ambidwa pa kope la masamu, kopindidwa kanayi konse. Mawu ake anali awa:

"Madamu, mnzanga anatuluka kachilonda kumaliseche. Sikamapweteka ayi. Patatha mwezi kanapola kokha osamwa mankhwala. Ndiye kuti wachira eti? Chonde musafufuze kuti walemba ndani."

Sindinafufuze, ndipo sindifufuza. Kaya "mnzanga" ameneyu ndi mnzake weniweni, kaya ndi mwini kalatayo, zimenezo n'zake. Koma funsoli landikhala pamtima, chifukwa pa mmodzi amene analimba mtima n'kulemba, pali ena amene angokhala chete n'kumadzitonthoza kuti zinatha. Ndiye ndaganiza zoliyankha pano mofatsa, kuti nonse mumve.

Yankho lalifupi ndi ili: kupola kwa chilonda si umboni woti munthu wachira. Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyeni tilowe m'thupimo tione zimene zimachitika.

Chindoko, matenda odziwa kubisala

Ndiyambe ndanena kuti palibe dokotala, ngakhale wodziwa bwanji, amene angatchule matenda pongowerenga kapepala. Pamafunika kumuona munthuyo ndi kumuyeza magazi. Komabe chilonda chosapweteka chimene chimapola chokha ndi khalidwe lodziwika bwino la chindoko.

Chindoko chimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Treponema pallidum. Pa maikulosikopu amaoneka ngati kasipuling'i ka m'bolopeni, ndipo amayenda modzipota. Asayansi awiri a ku Germany, Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann, ndi amene anamuona koyamba mu 1905. Pogonana, bakiteriyayu amalowa kudzera m'timing'alu ta pakhungu, tating'ono zedi moti maso sangatione.

Pakatha masabata atatu kapena kuposerapo, pamalo pamene analowerapo pamatuluka chilonda. Kawirikawiri chimakhala chimodzi, chozungulira, cholimba m'mbali, chosapweteka. Kwa atsikana chikhoza kutulukira mkati, mwini wake osachiona n'komwe. Pakatha masabata 3 mpaka 6 chimauma, khungu n'kubwerera bwinobwino. Apa ndi pamene anthu amapusitsika. Pomwe chilonda chimatuluka n'kuti mabakiteriya atalowa kale m'magazi n'kuyamba kufalikira thupi lonse.

Taganizirani za chiswe. Mwaona kanjira kake ka dothi pa nsanamira ya khonde, mwakakolopa, pamwamba payera. Kodi chiswe chatha? Ayi ndithu, chili mkati chikudya mtengo. Tsiku limene mudzadziwe ndi limene denga lidzayambe kupendama.

Pakapita masabata angapo kapena miyezi, chindoko chimaonekeranso mwanjira ina: zidzolo zosayabwa, makamaka m'manja ndi kumapazi, kutentha thupi, kuphwanya m'thupi, mwanabere, nthawi zina tsitsi kuthothoka. Ambiri amangoti ndi malungo kapena chimfine, amagula panado, basi. Zimenezinso zimatha zokha. Kenako matendawa amakhala phee kwa zaka. Kwa ena amadzabwera patapita zaka 10, 20 kapena 30, atawononga mtima, mitsempha, maso kapena ubongo. Mayi woyembekezera amene ali ndi chindoko akhoza kupatsira mwana ali m'mimba, ndipo mimba ikhoza kupita padera kapena mwana kubadwa wakufa. N'chifukwa chake kusikelo amayeza amayi chindoko.

Chosangalatsa n'chakuti chindoko chimachizika. Kuyambira mu 1943 madokotala akhala akuchiza chindoko ndi penisilini, ndipo mpaka lero mankhwalawa akugwirabe ntchito. Chikagwidwa koyambirira, jakisoni mmodzi amakwanira. Chikakhalitsa amabaya atatu, mmodzi pa sabata. Koma dziwani ziwiri izi. Jakisoni amapha mabakiteriya, sakonza zimene zawonongeka kale. Ndipo kudwalapo chindoko sikupereka chitetezo. Ukhoza kuchitenganso mawa lomweli.

Pamene mpanda wagwa

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri pa kapepala kaja si chindoko chokha. Ndi mwezi uja chilonda chinali chotseguka.

Kumbukirani zimene tinaphunzira, kuti khungu ndi mpanda woyamba wa thupi. Khungu la pamkono lili ndi maselo akufa ambirimbiri osanjikizana pamwamba, ndipo kachilombo ka HIV sikangabooleko. N'chifukwa chake kupatsana moni, kudyera mbale imodzi kapena kukhala pa desiki imodzi ndi mnzako amene ali ndi HIV kulibe vuto lililonse. Koma kakhungu ka mkati mwa ziwalo zoberekera n'kopyapyala ndi konyowa, ngati ka mkamwa. Ndi mpandabe, koma wosalimba ngati wa pamkono. Pakabwera chilonda, mpandawo wabooka.

Sizithera pomwepo. Thupi likaona chilonda limatumizako asilikali ake, maselo oyera a m'magazi, kuti akamenyane ndi adani. Pakati pa asilikaliwa pali maselo otchedwa CD4. Tsono HIV sikalowa m'selo iliyonse ayi. Kali ngati kiyi amene amatsegula loko wa mtundu umodzi wokha, ndipo loko ameneyo ali pa maselo a CD4. Mwaiona nkhaniyo? Chilonda chimaboola mpanda, kenako chimaitanira pabowopo maselo enieni amene HIV ikusaka. Zili ngati mpanda wa kudimba wagwa mbali imodzi, inu n'kuunjika madeya pomwe wagwerapo. Mbuzi ingalephere bwanji?

Ndipo sikuti mpaka pakhale chilonda chooneka. Chinzonono chimatupitsa mkati mwa njira ya mkodzo kapena khomo la chiberekero, ndipo kutupa kumeneko kumaitananso asilikali omwewo. Palinso vairasi ya herpes, imene imatulutsa timatuza topweteka kumaliseche, timene timapola kenako n'kudzabweranso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu amene ali ndi herpes ya kumaliseche mpata wake wotenga HIV ndi wokulirapo katatu poyerekeza ndi amene alibe.

Zimene anapeza ku Lilongwe mu 1997

Zimenezi zimagwiranso ntchito mbali inayo, ya wopatsira. Umboni wake wina wodziwika padziko lonse unachokera konkuno ku Malawi. Mu 1997 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku amene Myron Cohen wa ku University of North Carolina anachita ndi anzake ku Lilongwe. Anayeza kuchuluka kwa HIV mu umuna wa abambo amene anali ndi kachilomboka. Ena mwa abambowa anali ndi matenda otulutsa mafinya kunjira ya mkodzo, monga chinzonono, ena analibe.

Anapeza kuti mu umuna wa amene anali ndi mafinya munali HIV yochuluka ka 8 kuposa mwa anzawo aja. Atawapatsa mankhwala a matenda a mafinyawo, pasanathe nthawi yaitali HIV ya mu umuna inatsika kwambiri. Onetsetsani apa: sanawapatse ma ARV ayi, anangochiza matenda enawo. Phunziro lake n'lakuti matenda opatsirana pogonana amathandizana. Amodzi amatsegulira ena njira, polowa ndi potuluka pomwe.

Kwa ife a ku Mulanje nkhaniyi si yongowerenga m'buku. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti mwa anthu a zaka 15 mpaka 49 m'dziko lonse, 8.8 peresenti anali ndi HIV. Ku Mulanje chiwerengerocho chinali 20.6 peresenti, chokwera kuposa boma lina lililonse. Ndiye kuti munthu mmodzi mwa asanu alionse. Papita zaka chichitikireni kafukufukuyo ndipo ambiri ali pa mankhwala tsopano, komabe kuyenda ndi chilonda chosachiza m'dera ngati lathu lino n'kuika moyo pachiswe.

Odwala osadzidziwa

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa anyamata a Fomu 4: "Madamu, munthu wodwala amaoneka." Aise, maso si labotale. WHO imati tsiku lililonse anthu oposa 1 miliyoni padziko lapansi amatenga matenda opatsirana pogonana amene amachizika, ndipo ambiri mwa iwo samva chilichonse.

Tengani chinzonono. Chimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Neisseria gonorrhoeae, dzina lochokera kwa Albert Neisser amene anamupeza mu 1879. Mnyamata akachitenga, kawirikawiri sabata isanathe amamva kuwotcha pokodza ndipo mafinya amatuluka. Zimapweteka, koma ululuwo umamuthandiza chifukwa umamuthamangitsira kuchipatala. Kwa atsikana ambiri sizitero. Bakiteriyayu amakhala pa khomo la chiberekero osapereka chizindikiro, kapena chizindikiro chake chimakhala chochepa moti munthu amangoti ndi mauka wamba. Palinso bakiteriya wina, chlamydia, amene ndi kadziwotche pobisala: ambiri amene ali naye, anyamata ndi atsikana omwe, sadziwa.

Mabakiteriyawa akasiyidwa amakwera kuchoka pa khomo la chiberekero kupita m'chiberekero, mpaka m'timachubu timene dzira limadutsamo. Timachubu timeneti n'topapatiza kwambiri. Tikatupa n'kupola timasiya zipsera, ndipo zipserazo zimatseka njira. Zotsatira zake zimadzaoneka mtsogolo: kupweteka m'chinena kosatha, kusabereka, kapena mimba yokhala m'kachubu m'malo mwa m'chiberekero, imene ikaphulika ikhoza kupha mayi. Taganizani, mayi wa zaka 28 akuvutika kusaka mwana, apongozi akumunena, pomwe gwero lake ndi matenda a ali Fomu 2 amene akanatha ndi mankhwala a sabata imodzi. Nawonso anyamata, matendawa akafika kumachende akhoza kuwononga mphamvu yobereka.

Atsikana a msinkhu wanu muli ndi chiopsezo china chochokera ku kapangidwe ka thupi. Pa msinkhu umenewu khomo la chiberekero limakhala lisanakhwime, ndipo mbali ina imakutidwa ndi maselo anthete amene mabakiteriya ndi mavairasi amalowamo mosavuta. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene m'Malawi muno atsikana a zaka 15 mpaka 24 amapezeka ndi HIV kwambiri kuposa anyamata a msinkhu womwewo.

Pa khomo la chiberekero lomwelo ndi pamene pamakonda kukhala vairasi ya HPV. Mitundu ina ya HPV imayambitsa njerewere za kumaliseche. Ina sionetsa kanthu, ndipo nthawi zambiri thupi limaichotsa lokha, koma ikakanirira kwa zaka imayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Mitundu iwiri yokha, 16 ndi 18, ndi imene imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa imeneyi. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansayi ikupha amayi ambiri padziko lonse, ndipo mayi amene ali ndi HIV mpata wake woidwala ndi wokulirapo ka 6.

"Koma ine ndili naye mmodzi yekha"

Awa ndi mawu ena amene ndimawamva, ndipo amene amawanena sanama. Vuto n'lakuti matenda sawerenga zibwenzi zako zokha. Amawerenganso za mnzakoyo, ndi za anzake a mnzakoyo.

Cha mu 2005 ndi 2006, akatswiri awiri, Stéphane Helleringer ndi Hans-Peter Kohler, anachita kafukufuku pa chilumba cha Likoma. M'midzi 7 anafunsa mwachinsinsi anthu a zaka 18 mpaka 35 za anthu amene anagonana nawo m'zaka zitatu zapitazo. Kenako anajambula mapu: munthu aliyense kadontho, chibwenzi chilichonse kamzere kolumikiza timadontho tiwiri. Chimene chinatuluka chinali ukonde. Theka la anthu amene anali atayamba zogonana anapezeka kuti ndi olumikizana mu ukonde umodzi waukulu. Ambiri mwa iwo sanali anthu a zibwenzi zambirimbiri ayi. Munthu wa chibwenzi chimodzi kapena ziwiri ankapezeka walumikizidwa ndi anthu mazanamazana amene sanawaganizirepo.

Likoma ndi chilumba, chozunguliridwa ndi madzi. Nanga Nkando? Ife tili pa msewu wa Midima, pakati pa Limbe ndi Mulanje. Tsiku la msika maminibasi amatsitsa anthu, malole amapakira katundu, akabaza amalowa m'midzi n'kutuluka mpaka mdima. Sindikunena kuti anthu a malonda ndi odwala ayi. Ndi makolo athu, ndi amene amatilipirira fizi. Ndikunena kuti pamene pamakumana anthu ochokera kutali ndi pamenenso maukonde a madera osiyanasiyana amalumikizana. Kamzere kamodzi kochokera pa Nkando kakhoza kukafika ku Limbe, ku Muloza, ngakhale ku Joni.

Tsono apa mumvetsa chifukwa chake chibwenzi ndi munthu wamkulu chili choopsa kuposa mmene chimaonekera. Bambo wa zaka 35 wakhala mu ukondewu zaka zambiri, ndipo mizere yake ndi yambiri kuposa ya mnyamata wa zaka 17. Komanso amene akupereka ndalama ndi amene amalamula. Akakugulira foni, bandulo, mafuta odzola, kapena akakulipirira ya mayeso, tsiku limene adzanene kuti "switi sadyera m'pepala" mawu okanira umawasowa. Ndikudziwa kuti umphawi si nthabwala. Ndaonapo atsikana akujomba chifukwa chosowa sopo. Koma zidyamakanda sizipereka chaulere, ndipo ngongole yake imabwezedwa ndi thupi lako.

Pali chinthu chinanso cha sayansi chimene chimapangitsa kukhala ndi zibwenzi ziwiri nthawi imodzi kukhala koopsa kwambiri. Munthu akangotenga HIV, m'masabata oyambirira kachilomboka kamaswana mwankhaninkhani chifukwa thupi limakhala lisanakonze zida zolimbana nako. Nthawi imeneyo ndi pamene amapatsira mosavuta kwambiri. Koma ndi nthawi yomweyonso imene zida zoyezera zachangu zikhoza kuonetsa kuti alibe, poti zimafufuza zida za thupi zija, zimene zimatenga masabata angapo, nthawi zina mpaka miyezi itatu, kuti zioneke. Ngati munthuyo ali ndi chibwenzi china pambali, kachilombo kamadumphira kumeneko iye akuonekabe wathanzi, kapepala ka kuchipatala kali m'thumba.

Mowa nawo umawonjezera mizere pa ukonde. Mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imakuuza kuti "taima kaye, taganiza", imapitiriza kukula mpaka munthu atapitirira zaka 20, ndipo ndi imene mowa umayamba kuigonetsa. Ndipo ngati wina anakuuzani pochokera kuchinamwali kuti mukapanda kusasa fumbi mudzatuwa kapena kudwala, ine monga mphunzitsi wa Bayoloje ndikuti m'thupi mulibe chotero. N'chimodzimodzi zoti mnyamata akapanda kugonana amadwala msana, kapena zoti kugonana kumachotsa ziphuphu. Ziphuphu zimabwera ndi mahomoni a msinkhu wanuwu, ndipo zimatha pa nthawi yake.

Za makapisozi ogula mobisa

Ndikudziwa zimene ambiri amachita akaona mafinya kapena chilonda. Manyazi amawagwira, ndiye amatuma mnzawo kukagula makapisozi awiri kapena atatu kwa ogulitsa mankhwala mwachinyengo, kapena amamwa otsala a munthu wina. Ena amathamangira ku zitsamba. Ululu ukachepa amati zatheka.

Mavuto ake ndi atatu. Loyamba, matendawa ndi osiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. A chinzonono si a chindoko, ndipo herpes poti ndi vairasi samva mankhwala opha mabakiteriya. Nthawi zambiri munthu amakhala ndi matenda awiri pakamodzi, n'chifukwa chake kuchipatala amapereka mankhwala ophatikiza molingana ndi zizindikiro.

Lachiwiri ndi phunziro lathu lija la kusintha kwa zamoyo. M'thupi la wodwala muli mabakiteriya mamiliyoni, ndipo si onse ofanana mphamvu. Ukamwa mankhwala osakwanira, ofooka amafa, olimba amatsala. Otsalawo amaswana, ndipo ana awo amatengera kulimba komweko. Ukapatsira mnzako, wampatsira mtundu wosamva mankhwala. Chinzonono ndi katswiri pa zimenezi. Kale chinkafa ndi penisilini, kenako chinasiya kumva. Anasintha mankhwala, nawonso chinawazolowera, mpaka pano madokotala padziko lonse akudalira kwambiri jakisoni wa ceftriaxone, ndipo m'mayiko ena mwapezeka kale chinzonono chimene chikuyamba kumukana.

Lachitatu, ukadzichiza wekha mobisa, mnzako uja sachizidwa. Mukakumananso amakubwezera matenda omwewo. Kuchipatala amakuuza kuti mnzakoyo abwerenso adzalandire mankhwala, ngakhale asakumva kalikonse, ndipo nonse mudikire mpaka mankhwala atatha ndi zizindikiro zitachoka.

Ndiye tichite chiyani?

Njira yokhayo imene siphonya ndi kudziletsa. Amene sanalowe mu ukonde palibe mzere umene ungamufike. Ngati sunayambe, palibe chimene wataya, ndipo usamvere zoti aliyense akuchita. Ambiri amene amadzitama kuseri kwa kalasi ndi nkhambakamwa chabe. Ngati unayamba, kusiya n'kololedwa. Palibe lamulo loti ukayamba uzipitiriza.

Kwa amene akugonana, kondomu ikagwiritsidwa ntchito moyenera, nthawi iliyonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, imateteza kwambiri ku HIV, chinzonono, chlamydia ndi mimba. Zoti ili ndi timabowo todutsa kachilombo n'zabodza. Chimene chimaiphulitsa ndi mafuta monga Vaseline, kutentha kwa m'thumba, kapena kupitirira tsiku lake. Koma ndikuuzeni zoona: kondomu imateteza pamene yaphimba pokha. Chilonda cha chindoko, matuza a herpes kapena njerewere zikakhala pambali, zikhoza kupatsiranabe. Dziwaninso kuti jakisoni ndi mapiritsi akulera amateteza mimba basi, osati matenda. Kusamba kapena kukodza mukangomaliza sikuchotsa HIV.

Mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa mpata woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi ndi pafupifupi 60 peresenti. Izi zinatsimikizika m'kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, Kisumu ku Kenya ndi Rakai ku Uganda. Chifukwa chake ndi chomwe chija: kakhungu kamene amachotsako mkati mwake n'kanthete ndipo kali ndi maselo ambiri amene HIV imawafuna. Koma 60 si 100. Wodulidwa amene amadziona ngati wavala chitsulo amatenga matenda ngati wina aliyense.

Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Ena mwa inu munabayidwa muli ku pulayimale. Ngati sukukumbuka, yang'ana m'buku lako la kuchipatala kapena funsa alangizi a zaumoyo. Katemerayu saletsa kubereka. Amateteza chiwalo chenicheni chimene udzaberekere.

Ngati kondomu yaphulika, kapena wagonana mosadziteteza, kapena wina wakugwiririra, pali mankhwala otchedwa PEP amene amaletsa HIV kukhazikika m'thupi. Amamwa masiku 28, koma ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Usadikire kuti nkhani iyambe yakambidwa pabanja kapena kwa amfumu. Kuchipatala kaye, zina pambuyo. Wogwiriridwa alibe mlandu ngakhale pang'ono. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana ndi achinyamata amene achitiridwa nkhanza, ndipo palinso Chipatala cha pa Foni, kumene ungafunse za umoyo popanda wina kukuona nkhope.

M'Malawi muno munthu wa zaka 13 kupita m'tsogolo akhoza kuyezetsa HIV popanda kubwera ndi kholo. M'zipatala za boma, kuyambira zazing'ono za m'madera mpaka chachikulu cha ku Mulanje boma, kuyezetsa ndi mankhwala a matenda opatsirana pogonana ndi zaulere, ndipo ogwira ntchito amayenera kusunga chinsinsi. Ngati ukuopa kukumana ndi azakhali ako pamzere, funsa tsiku kapena chipinda cha achinyamata, kapena pita chipatala china.

Ndisamalize osalankhula ndi inu amene muli kale ndi HIV, chifukwa m'makalasi mwathu muli anzathu amene anabadwa nako. Nkhani yonseyi si yokulozani chala. Ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m'dziko muno kuyambira 2004. Mu 2011 kafukufuku wamkulu wotchedwa HPTN 052, amene anachitikiranso ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anaonetsa kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa kupatsira mnzako ndi 96 peresenti. Kafukufuku wotsatira anatsimikiza kuti munthu amene akumwa mankhwala mwandondomeko mpaka kachilombo kosaonekanso poyeza magazi sapatsira mnzake pogonana. Kunena zoona, woopsa mu ukonde uja si amene akudziwa mmene alili n'kumamwa mankhwala. Ndi amene sanayezetsepo koma akudzidalira chifukwa akuoneka bwino.

Kwa iwe unalemba kapepala kaja

Wachita bwino kufunsa. Uza mnzakoyo kuti apite kuchipatala sabata ino, asadikire kuti china chituluke. Akafika akanene mmene unandilembera muja: kuti panali chilonda chosapweteka, chinatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo chinapola liti. Akapemphe kuyezedwa magazi a chindoko ndi a HIV, ndipo akamuuza kuti adzabwerenso kudzayezetsa kachiwiri, adzapitedi. Amene anagonana naye ayeneranso kudziwa, ngakhale kuti kumuuzako n'kovuta. Ngati akuopa kupita yekha, mperekeze. Achipatala anaona zambiri, sadzadabwa naye.

Ngati chili chindoko ndipo chagwidwa pano, ndi nkhani ya jakisoni ndi manyazi a tsiku limodzi. Chikasiyidwa, adzalipira ndi thanzi lake, mwinanso la mwana wake amene sanabadwe.

Kakatoni kaja kadakali pakhomo pomwe paja. Lachisanu likubwerali ndikatsegulanso.